Kalata yotseguka kwa Pulezidenti Isaias Afwerki wa dziko la Eritrea

Wolemekezeka Bwana Pulezidenti,

Ndikulemba ndili ku Dowa, kufupi ndi Dzaleka. Lero malowa ndi msasa wa anthu othawa kwawo, koma kale inali ndende, ndipo ena mwa amene ankavutikira mmenemo anali a Mboni za Yehova. Boma lathu linawaletsa mu 1967. Mlandu wawo unali kukana kugula khadi la chipani. Anawatenthera nyumba, ambiri anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Chiletso chinachoka mu 1993, ndipo dziko silinagwe ayi. Chimene tinatsala nacho ndi manyazi.

Chaka chotsatira, inu munayambira pamene ife tinalekera. Pa 24 Seputembala 1994 anyamata atatu a mpingo womwewu, Paulos Eyasu, Isaac Mogos ndi Negede Teklemariam, anagwidwa chifukwa chokana usilikali n'kukatsekeredwa ku kampu ya asilikali ya Sawa. Anadzatuluka pa 4 Disembala 2020. Zaka 26, bwana, osaimapo pamaso pa woweruza ngakhale tsiku limodzi! Analowa ali anyamata osakwatira, anatuluka anzawo akulera zidzukulu.

Mu 2002 munatseka mipingo yonse kupatula ya Orthodox, Katolika, Lutheran ndi Chisilamu cha Sunni. Mayi woimba nyimbo zauzimu, Helen Berhane, anakhala zaka zoposa ziwiri m'ndende, nthawi yambiri ali m'chikontena chachitsulo ku Mai Serwa: masana ngati ng'anjo, usiku chisanu cholowa m'mafupa. Ankamuuza kuti asaine pepala losiya chikhulupiriro chake kuti atuluke, iye anakana. Ngakhale ovomerezeka aja sanapulumuke, pakuti mkulu wa Orthodox, Abune Antonios, anamwalira mu 2022 akadali pa ukaidi wosachoka panyumba.

Ine si wa Mboni, ndipo zambiri zimene amaphunzitsa ndimatsutsana nazo. Koma kutsutsana timachitira pakhonde, munthu n'kubwerera kwawo wamoyo.

Abusa Haile Naizghi ndi Kiflu Gebremeskel anamangidwa mu Meyi 2004, zaka 20 n'kudutsa osazengedwa mlandu. Malamulo aakulu amene dziko lanu linavomereza mu 1997, mpaka lero osagwiritsidwa ntchito, amalola munthu kupembedza monga afunira. Aliyense amene akadali m'ndende chifukwa cha pemphero, ngati ali ndi mlandu mutengereni kukhoti poyera, abale ake amve. Ngati alibe, mutsegulireni azipita kwawo.

Ine wanu,
Mmalawi wa ku Dowa