Bwana, tiloleni tiziimba m'kalasi ya Chifalansa: kalata yotseguka kwa mkulu wa zamaphunziro m'chigawo chathu

Bwana,

Landirani moni. Ine ndine mphunzitsi wa Chifalansa pa sekondale ina yoyendera ya m'chigawo chanu. Makalata ndakhala ndikulemba kudzera kwa ahedi monga mwa dongosolo, ku ofesi kwanu ndinafikanso n'kuuzidwa kuti muli ku msonkhano. Yankho mpaka lero kuli zii. Ndiye ndati ndilembe poyera, mwina pano muwerenga.

Nkhani yake ndi lipoti limene alangizi anu analemba teremu yatha atayendera sukulu yathu. Anapeza ana a Fomu 1 ataima mozungulira pansi pa mtengo wa mango, akuomba m'manja, akuimba, mpira wachikulunga ukuyenda dzanja ndi dzanja. Sanakhalitse n'komwe, ndipo lesoni pulani yanga sanaipemphe. M'lipotimo analemba kuti kalasi inali yaphokoso, mphunzitsi akulephera kulamulira ana, piriyodi ikuthera masewera. Ahedi athu ndi munthu wabwino, koma pepala lochokera kumtunda amaliopa. Anandiitana n'kundiuza kuti zoimbazo zithe.

Zinathadi. Tsopano ndimaima kutsogolo ndi choko, ana ali phee akukopera notsi. Mutabwera lero mukhoza kukondwa ndi bata lake.

Koma muli mtsikana wina m'kalasimo amene ndikufuna mumudziwe. Amachokera kutali, amafika mapazi ali mbuu ndi fumbi, ndipo m'maphunziro ena sakweza mkono. Pa masewera athu aja ndiye anali wotsogolera nyimbo. Iye ankaponya funso m'Chifalansa, anzake onse n'kuvomera, ndipo mpira ukamugwera ankayankha mosajejema, chifukwa mawuwo anali atawatchula kale kambirimbiri ali m'gulu, pomwe palibe womuseka. Sabata yatha ndinamufunsa dzina lake ndi kumene amakhala, funso lomwe lija ankaliimba yekha. Anaimirira, n'kuyang'ana pansi, milomo ikugwedera, kalasi yonse ikumuyang'ana. Kenako anatsegula kope n'kundilozera yankho. Linali lolondola, lolembedwa bwino, lodulidwa mzere kunsi ndi rula. Pakamwa pokha ndi pamene silinatuluke. Mwana ameneyu wandiuza kale kuti akamaliza JCE Chifalansa achisiya, ndipo sali yekha. Chiwerengero chikatsika, phunzirolo lichotsedwa pa ndandanda, ine n'kupatsidwa Chingerezi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndaona zikuchitika m'sukulu zina.

Ndikudziwa kuti ndinu mphunzitsi wakale ndipo ntchitoyi mumaidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndifotokoze zimene alangizi anu sanadikire kuti aone. Chichewa timachiwerenga monga chalembedwera, chilembo chilichonse chimamveka, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu. Chifalansa sichili choncho. Zilembo zambiri za kumapeto kwa mawu zimangolembedwa osatchulidwa, mawu ena amatulukira m'mphuno, ena amalumikizana ndi oyandikana nawo n'kumveka ngati amodzi. Mwana wathu ukamupatsa buku lokha amatchula chilichonse chimene akuona, n'kuwonjezeranso lembo la liwu kumapeto monga anazolowera. Ungamukonze mpaka mawu kusasa, mawa abwerezanso. Nyimbo ndiye siilola zimenezo. Ngati mzere uli ndi malo oomba m'manja kanayi, phatikizo lachisanu lilibe pokhala. Mwana amadzimva yekha kuti watsalira anzake, n'kudzikonza popanda ine kumukalipira. Chimodzimodzi mayina a zinthu, omwe m'Chifalansa ena ndi aamuna ena aakazi popanda chifukwa chimene mwana angachione: timajambula mzere pansi, nyimbo ikatchula chinthu ana amalumphira kumanja kapena kumanzere, wolakwitsa amatuluka n'kukhala woimbira anzake m'manja. Manambala, masiku a sabata, miyezi, aneni osinthasintha aja, zonse zimalowa m'njira yomweyo.

Werenganinso masamu ake. Piriyodi ndi mphindi 40. M'kalasi muli ana odzaza mpaka ena kukhala pansi pafupi ndi bolodi. Ndikati ndizifunsa mmodzimmodzi, olankhula sakwana ndi khumi omwe belu lisanalire, ndipo amakhala omwewomwewo tsiku lililonse. Pa masewera a nyimbo aliyense amatsegula pakamwa, koyamba m'gulu, kenako awiriawiri, pomaliza payekha mpira ukamugwera. Chilankhulo munthu sangachidziwe atatseka pakamwa. Phokoso limene linalembedwa m'lipoti lija ndi ana akulankhula Chifalansa, ndipo tinapita panja dala kuti tisasokoneze a Masamu a m'kalasi yoyandikana.

Mwina mukanatipatsa zina ndikanamvetsa. Mabuku a ana ndi ochepa moti limodzi amaunjikirana gulu lonse, ena masamba oyambirira anathothoka kalekale. Dikishonale ndi imodzi, yanga. Magetsi m'makalasi mulibe. Wailesi ya sukulu inafa ndisanabwere. Kasipika kamene ndinkagwiritsa ntchito ndinagula ndekha pamsika, ndimakatchajitsa pa grosale ndi ndalama yanga, ndipo bandulo yotsitsira mawu a eni chilankhulo imachoka pa malipiro omwewa mukuwadziwa. Maphunziro osula aphunzitsi a Chifalansa pa kilasita yathu sindinawaonepo. Chimene chinatsala chaulere ndi mawu a ana ndi manja awo, ndiye n'chomwe mwatilandacho.

Chondidabwitsa n'chakuti njirayi si yachilendo kwa inu. Silabasi yochokera ku Domasi imatiuza yokha kuti wophunzira azitenga mbali, osangomvetsera. Mukukumbukira pulogalamu ya Tikwere ija inkaulutsidwa pa MBC, m'masukulu a pulayimale mutagawidwa mawailesi opukusa? Ana a m'makalasi oyambirira ankaphunzira Chingerezi ndi kuwerengera poimba, kuimirira, kukhala, kuomba m'manja, ndipo palibe amene anati aphunzitsi akuseweretsa ana. Akuluakulu ankabwera kudzajambulitsa nawo zithunzi. Nanga mwana wa Fomu 1 amene akumva Chifalansa koyamba m'moyo wake akusiyana pati ndi wa Sitandade 1 pa Chingerezi? Zaka zokha. Pabwalo nthawi yopuma ana omwewa amasewera jingo ndi fulaye akuimba, amaloweza mizere yaitali popanda wowalembera pa bolodi. Belu likalira tikuti luso limenelo alisiye pakhomo.

Pepani ndipatuke pang'ono, chifukwa mtima suli m'malo. M'mwezi wa July 2023, mtsogoleri wa dziko la Tanzania, mayi Samia Suluhu Hassan, atabwera kuno, a Lazarus Chakwera omwe ankatsogolera dziko lino nthawi imeneyo analamula kuti Chiswahili chiyambe kuphunzitsidwa m'sukulu. Tinaomba m'manja. Bungwe la SADC linali litavomereza kale Chiswahili mu 2019 kukhala chilankhulo chake chachinayi chogwirira ntchito, kuwonjezera pa Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi. Si inu munalonjeza, ndikudziwa. Koma kuno kwathu sitinaone buku, silabasi kapena mphunzitsi wake. Ndipo tsiku limene chidzafike, chidzaphunzitsidwa bwanji? Mwa kukopera notsi chete ngati mmene mwandilamulira inemu? Amalonda athu odutsa pa Songwe kupita ku Kyela ndi Dar es Salaam amafunika kutsitsa mtengo pakamwa. Oyendetsa mathiraki a ku Beira ndi Nacala amalimbana ndi Chipwitikizi pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Muloza. Asilikali athu akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere ku DRC, dziko la Chifalansa ndi Chiswahili. Ngakhale pa Dzaleka ku Dowa pompa, anamwino ndi aphunzitsi amakumana tsiku ndi tsiku ndi anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Onsewa palibe amene adzafunsidwe kuonetsa kope lodulidwa mizere.

Sindikunena kuti piriyodi iliyonse izikhala yoimba. Galamala ndimaphunzitsa, zolemba ndimachonga, mayeso a MANEB ndimawakonzekera ngati wina aliyense, ndipo masewerawa amatenga gawo chabe la phunziro. Sindikupemphanso laputopu kapena labu ya zilankhulo. Ndikudziwa mmene thumba la boma lilili.

Ndikupempha izi, bwana. Mawu aja akuti ndikulephera kulamulira ana achotsedwe m'fayilo yanga, chifukwa analembedwa ndi munthu amene sanaone phunziro lonse, ndipo adzanditsata nthawi yokwezedwa pantchito. Mulembere ahedi a m'chigawo chino kalata, yosainidwa ndi yodindidwa, yonena kuti nyimbo ndi masewera ndi njira yovomerezeka yophunzitsira zilankhulo, pakuti popanda pepala lanu palibe hedi angalimbe mtima. Ndipo teremu ino isanathe mutisonkhanitse aphunzitsi a zilankhulo tsiku limodzi, alangizi anu akhalepo, tionetsane zimene aliyense amachita. Transipoti tidzilipirira tokha ngati vuto ndi limenelo.

Ana a Fomu 2 asankha maphunziro awo posachedwa. Yankho lanu likafika atasankha kale, lidzapeza kalasi ya Chifalansa kulibe.

Ine wanu pantchito,
Mphunzitsi wa Chifalansa