Usalembe nambala yomwe sunaione

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umangoti “inde bambo, inde bambo” koma mtima uli kwina. Amayi ako ali bwino, mwendo uja wayamba kuphwa. Akuti mbale zawo ziwiri zomwe unatengera ndiwo ulendo watha uzibweze, chifukwa kuno ku Rosettenville mbale sizimera m'munda.

Mlongo wako wandiuza nkhani yomwe sindinkafuna kuimva, ndipo usamukalipire, ndine ndinamuumiriza. Akuti mapepala a calibration, ntchito yoyesa ngati zipangizo zoyezera zikunena zoona, omwe munapereka ku koleji pa kosi yanu ya ma instrument iwe ndi mnzako wa ku Hillbrow uja ali ndi manambala ofanana mpaka kadontho, pomwe tsiku la practical limenelo nonse awiri simunaponde m'workshop. Komwe munali sindifunsa, ndikudziwa kuti sikugulitsidwa thobwa. Za mowazo tidzakambirana maso ndi maso. Chandisowetsa tulo ndi chakuti dzanja lako lalemba nambala yomwe maso ako sanaione, ndipo wayamba zimenezi chaka choyamba chomwechi.

Tamvera. Munthu wokhala mu control room saona boyila, saona za m'thanki, saona madzi akudutsa m'paipi. Amaona nambala pa sikirini, ndipo nambalayo imamufika kudzera m'manja mwako. Transmitter, chipangizo choyeza n'kutumiza nambalayo, ikafa si vuto lalikulu, imadziulula yokha. N'chifukwa chake loop, mzere wa magetsi wonyamula nambalayo, imayambira pa 4 mA osati pa 0: waya akaduka mphamvu imagwera pa 0, aliyense n'kudziwa kuti pavuta. Ma transmitter ambiri a masiku ano akadziona kuti sali bwino amatsitsa dala mphamvu kufika pa 3.6 mA kapena kuchepera, kapenanso kuikweza kufika pa 21 mA, kuti alamu ilire. Yoopsa ndi transmitter yamoyo koma yonama, yomwe ikunena kuti thanki ili pakati pomwe yatsala pang'ono kusefukira, ndipo pambali pake pali pepala losainidwa lotsimikiza kuti inayesedwa. Pepala lotero ndi limene mnzakoyo akukuphunzitsa kulemba.

Ntchito yomwe munaithawayo sitenga ngakhale ola limodzi. Tenga transmitter ya pulesha ya 0 mpaka 400 kPa. Ilumikize ku 24 V, multimeter ikhale m'kati mwa mzere pa mA, pampu ya pamanja ku mbali ya pulesha. Usanakhudze kalikonse, usanatembenuze sikuluu iliyonse, lemba momwe waipezera. Imeneyo ndi as found, ndipo ndi imene imauza anthu ngati fakitale yakhala ikuyendera bodza miyezi yonse yapitayi. Pa 0 kPa uyembekezere 4 mA, pa 100 uyembekezere 8, pa 200 ndi 12, pa 300 ndi 16, pa 400 ndi 20. Ukafika pamwamba utsikenso malo omwewo mmodzimmodzi. Pamalo aliwonse dikira nambala ikhazikike, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati pulesha ikungotsika yokha pang'onopang'ono, usanamizire transmitter, paka thovu la sopo pa ma fitting ako, upeza pomwe pakutuluka mpweya.

Kenako uwerenge zomwe manambalawo akukuuza. Akaphonya onse mofanana, monga 4.2, 8.2, 12.2, ndi zero yomwe yasuntha. Kuphonyako kukamakula pamene ukukwera, ndi span. Manambala okwera akasiyana ndi otsika, imeneyo ndi hysteresis, ndipo sikuluu singachize zimenezo, chipangizocho chatopa. Pa ma transmitter akale ukonza zero, kenako span, n'kubwereranso ku zero, chifukwa ziwirizi zimakokana. Pa a smart, usadzinamize kuti kusintha range pa HART communicator, kachipangizo ka m'manja kolankhulira ndi transmitter, ndiye calibration. Kumeneko wangosuntha malire, sensa ikunamabe monga kale mpaka utachita trim, kukonza kawerengedwe ka sensa yeniyeniyo, uli ndi pulesha yodziwika. Communicator ikakana kulankhula ndi transmitter pa benchi, yang'ana kaye ngati mu loop muli resistor ya 250 ohm. Ambiri amataya theka la tsiku pa kanthu kameneka. Pomaliza uyesenso malo onse asanu, ulembe as left, ulembenso nambala ya pampu ndi mita zomwe wagwiritsa ntchito, chifukwa nazonso zili ndi satifiketi yake yomwe mzere wake umakafika ku NMISA, bungwe la dziko loona za miyeso, ku Pretoria.

Tsono ganiza wekha. Zipangizo ziwiri sizipereka manambala ofanana mpaka kadontho, ngakhale zitachokera m'bokosi limodzi. Mphunzitsi aliyense amene anagwirapo pampu akaona 8.00, 12.00, 16.00 zoyera ngati za m'buku amadziwa kuti munthuyu sanadetse manja. Ngati sanakuitane, usaganize kuti sanaone.

Chondipweteka n'chakuti iwe sunali wotere. Uli sitandade 3 amayi ako anakutuma ufa pamsika ku Yeoville, unabwera chimanjamanja ukulira, ati mayi wogulitsayo muvi wa sikelo yake sunali pa 0 asanaikepo kanthu. Amayi ako anakukalipira chifukwa nsima inachedwa, koma madzulo ake anaseka mpaka misozi. Mwana amene uja ali kuti lero?

Pali china chomwe buku lako mwina silinena, chifukwa mabuku ambiri amalembedwa ngati tonse timakhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Joni ili pamtunda wa mamita opitirira 1,700. Mpweya wa kuno umakanikiza pafupifupi 83 kPa, osati 101.3 ya m'buku. Ukatsegula transmitter ya absolute, yomwe imawerengera ndi mpweya wotizungulira womwe, ku mpweya n'kuona 83, ili bwino, usaikhudze. Ya gauge, yosawerengera mpweyawo, ndi imene iyenera kusonyeza 0. Ophunzira amasokoneza ziwirizi, amatenga ya absolute n'kuikakamiza pa 0, basi aiwononga. Madzinso kuno amawira pa madigiri 94 kapena 95. Ukaviika sensa m'ketulo yowira n'kuikonza kuti iwerenge 100, waiphunzitsa kunama ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngati ulibe dry block, makina oikira sensa pa kutentha kodziwika, yesera pa ayezi wophwanyaphwanya wothira madzi pang'ono. Ameneyo ndi 0 kuno, ku Durban ndi ku Nsanje komwe.

Pt100, sensa ya kutentha ija, uiloweze pamtima: 100 ohm pa 0, 138.5 ohm pa madigiri 100, kutanthauza pafupifupi 0.385 ohm pa digiri iliyonse. Ukailumikiza ndi mawaya awiri okha pamtunda wautali, waya aliyense atakhala ndi 1 ohm, wawonjezera 2 ohm, ndipo sikirini ionetsa kutentha kopitirira ndi madigiri asanu. Waya wachitatu uja ntchito yake ndi kuchotsa cholakwa chimenechi. Usamudule n'kuika kachidutswa pa terminal poganiza kuti wapulumutsa waya. Thermocouple ya mtundu wa K, sensa inanso ya kutentha, imapereka timphamvu tochepa kwambiri, pafupifupi 41 microvolt pa digiri, n'chifukwa chake siifuna masewera. Ukaiwonjezera ndi waya wamba wa kopa m'malo mwa compensating cable, waya wake wapadera, nambala iphonya molingana ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa mutu wa sensa ndi panelo, ndipo kuphonyako kudzasintha usana ndi usiku, iwe n'kumayesa ufiti. Mitundu ya mawaya usaikhulupirire mwachimbulimbuli. Pa dongosolo la mayiko ambiri la IEC woyera ndiye negative, pa la ku America wofiira ndiye negative, ndipo m'mafakitale a kuno zonse ziwiri zilimo malinga ndi komwe makina anachokera. Funsa. Safunsa anadya phula.

Multimeter yomwe tinakugulira ija uisamale, ndalama zake amayi ako anachotsa ku chipereganyu. Ukamaliza kuyesa mA, bweza waya wofiira pa bowo la V nthawi yomweyo, usanaike mita pansi. Ukaiwala n'kukagunda pa 24 V, fyuzi yapsa. Ndipo mita ya fyuzi yakupsa ukailowetsa mu loop, loop yonse imaduka, iwe n'kumafufuza vuto lomwe wabweretsa wekha. Ugule fyuzi yeniyeni ya mtundu wake. Za kukulunga kapepala ka siliva ka m'paketi ya fodya, zomwe ndikudziwa kuti mnzakoyo angakuuze, ndi zootcha nkhope tsiku lomwe udzagunde pa 230 V. Komanso usamubwereke. Ndanena.

Pa benchi kudula loop kulibe mlandu. Ku fakitale ndi nkhani ina. Ukamasula waya mmodzi wa transmitter ya thanki controller ili pa auto, iyo imaona ngati thanki yauma, n'kutsegula valavu yonse. Choncho usanagwire sikuludiraiva, pemiti ikhale m'thumba, operator adziwe tag, dzina lolembedwa pa chipangizo chomwe ukukhudza, aike loop pa manual, ndipo ngati chipangizocho chili pa trip, yomwe imazimitsa makina pakavuta, bypass yoiletsa kwa kanthawi ilembedwe ndi kusainidwa ndi mwini udindo. Tag uiwerenge kawiri. FT ndi flow, LT ndi level, PT ndi pulesha, TT ndi kutentha, ndipo ma transmitter awiri oyandikana amafanana ngati mapasa. Ambiri ali ndi ma terminal olembedwa test, pomwe ungayesere mA osadula kanthu. Yamba wayang'ana pamenepo. Ukamaliza, bwerera kwa operator, muone limodzi kuti nambala yabwerera, bypass ichotsedwe. Ntchito imathera pamenepo, osati pomwe watseka bokosi la zida.

Mudzafika pa DP transmitter, yoyeza kusiyana kwa pulesha, ndi orifice plate, chitsulo chabowo choikidwa m'paipi poyeza flow, chaka chino. Mavalavu atatu a manifold, olumikiza transmitter ku paipi, ali ndi ndondomeko yake. Poichotsa pa ntchito, tseka wa high, tsegula equaliser, wolumikiza mbali ziwirizo, kenako tseka wa low. Poibwezera, equaliser ali chitsegukire tsegula wa high pang'onopang'ono, tseka equaliser, ndipo pomaliza tsegula wa low. Atatu onse asakhale otsegula nthawi imodzi, makamaka pa nthunzi, chifukwa madzi otchinga m'timapaipi tija amakankhidwa n'kuchoka, nthunzi yotentha n'kufika pomwe siyenera kufika. Kumbukanso kuti DP imayenda ndi square ya flow. Flow ikakhala theka, DP imakhala 25 peresenti. Square root ichitike malo amodzi okha, mu transmitter kapena mu DCS, kompyuta ya mu control room. Ikachitika kawiri, flow ya 50 ioneka ngati 71. Ikapanda kuchitika konse, ioneka ngati 25. Pa 0 ndi pa 100 zonsezi zimagwirizana bwinobwino, ndiye waulesi woyesa kumapeto kokha saona kanthu, amasaina n'kumapita. Waona chifukwa chake malo ndi asanu?

Za PID, manambala oyendetsera controller, sindichulukitsa, nthawi yake idzakwana. Chimodzi chokha: loop ikamavinavina, usathamangire kusintha manambala a controller. Pita ukaime pa valavu, operator aisunthe pang'onopang'ono ili pa manual. Ukaona tsinde lake likukakamira kenako n'kudumpha, vuto lili pamenepo.

Ndibwerere kwa mnzako uja, chifukwa ndi amene wandilembetsa zonsezi. Sindikuti ndi mfiti. Ndi wochezeka, amapereka moni bwino, amayi ako anamukonda tsiku lija anadya nafe. Koma iye akalephera ali ndi kwawo pafupi, akwera taxi imodzi wafika. Iwe uli pa study visa, ndipo koleji ikakuchotsa chifukwa cha chinyengo, pepala limenelo latha ntchito. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo mphunzitsi sasankha kuti anakopera mnzake ndani. Fizi ya chaka chino unaiona momwe inasonkhanitsidwira, sindibwereza. Kutsogoloku kuli logbook, yomwe ntchito iliyonse amasainira ndi munthu amene anakuona ukuigwira. Kuli trade test, mayeso omaliza a ntchito ya manja, kaya ku Olifantsfontein kaya kwina, komwe adzakuike wekha pa benchi, pampu apo, mita apo, woyesa ataima kumbuyo kwako. Mnzakoyo sadzaloledwa kulowa. Ndipo mafakitale ndi migodi yambiri amapumitsa anthu m'kachipangizo pa geti m'mawa, mowa wa dzulo umaonekabe. Kachipangizo kameneko nakonso kamayesedwa ndi anthu a ntchito ngati yako yomweyi.

Ntchitoyi ndi yabwino, mwana wanga, ndipo mutu uli nawo. Kulikonse komwe kuli boyila, thanki kapena pampu amafuna munthu wa ma instrument, ku Secunda, ku malo oyeretsera madzi a ku Vereeniging, ngakhale kwathu ku Nchalo ndi ku Dwangwa nyengo ya nzimbe ikafika. Koma anthu a ntchitoyi ndi ochepa, amadziwana, ndipo mbiri ya munthu wolemba manambala ali pansi pa mtengo imafika iye asanafike.

Lolemba upite kwa mphunzitsiyo wekha, mnzakoyo umusiye. Umuuze kuti pepala lija silinali lako, upemphe kubwereza practical. Akakudula mamakisi, alandire. Manyazi ake ndi a tsiku limodzi. Usanatero, Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ubwere kunyumba ndi multimeter ija, ndione fyuzi yake. Pt100 yakale ilipo m'bokosi la pansi pa bedi, ayezi amayi ako aika kale mu fuliji, ndipo akuti aphika nkhwani wotendera. Usaiwale mbale.

Ndine,
Bambo ako