Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: lemekezani amene akuteteza ufulu wa ana wowerenga

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu woyenera udindo umene mwasenza. Ndalemba kalata ino poyera chifukwa makalata amene ine ndi anzanga oyang'anira malaibulale a m'sukulu takhala tikutumiza ku ofesi yanu mwakachetechete sanayankhidwe, ndipo pamene tinabwera tokha tinangouzidwa kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musadabwe kuti lero tikulankhulira pagulu.

Pali mayi wina, amene sindimutchula dzina chifukwa wazunzika kale mokwanira, yemwe anayang'anira laibulale ya pa sukulu ina ya sekondale kwa zaka zambiri. Makolo owerengeka anadandaula za mabuku awiri, lina lofotokoza mmene thupi la mwana limasinthira akamakula, lina la mbiri ya nkhanza za maulamuliro akale. Mphunzitsi wamkulu anamulamula pakamwa kuti awachotse pa shelefu tsiku lomwelo. Mayiyo sanachite mwano. Anangopempha kuti lamulolo lilembedwe, ndiponso kuti komiti ya aphunzitsi ndi makolo iyambe yawerenga mabukuwo isanagamule, popeza odandaulawo anavomereza okha kuti anangoona masamba ochepa. Kenako anauzidwa kuti apereke kaundula wa obwereka mabuku, kuti ana amene anawatengapo adziwike n'kuitanidwa ku ofesi. Apa ndiye anakanitsitsa, ndipo anachita bwino, chifukwa mwana akadziwa kuti zimene wawerenga zikamuika pa mlandu, sabwereranso ku laibulale ngakhale kukafuna buku la masamu.

Teremu isanathe anamulanda makiyi, ndipo posakhalitsa anasamutsidwira ku sukulu yakutali yopanda laibulale, kumene ntchito yake tsopano ndi kuwerengera choko ndi madesiki. Ana ake anatsala ndi achibale. Pa kalata yomusamutsa sanalembepo chifukwa chilichonse. Laibulale ija inatsekedwa poti panalibe wina wolimba mtima woti ayitenge, ndipo pamene ndinaloledwa kulowamo ndinapeza mabuku ataunjikidwa m'makatoni pansi, chiswe chitadya kuyambira m'munsi, moti buku ukalinyamula chikuto chimatsala m'manja masamba n'kuyoyoka. Pofuna kubisa mabuku awiri, ana a pa sukulu yonse anamanidwa mabuku onse, ndipo munthu yekhayo amene anatsata njira yoyenera ndi amene analangidwa.

Si mayiyu yekha. Alipo aphunzitsi amene analandira makalata a chenjezo chifukwa cholola mtsutso m'kalasi, alipo ena amene magazini ya ophunzira awo inaletsedwa itadzudzula kayendetsedwe ka sukulu, ndipo ambiri asiya okha kuitanitsa mabuku amene akuganiza kuti angawabweretsere mavuto. Gulu lomalizali ndilo limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa palibe amene amalemba lipoti la buku limene silinagulidwe n'komwe.

A Nduna, ndikudziwa kuti muli ndi zambiri zokudyani mutu, ndipo sindikukayikira kuti mumafunira ana zabwino. Koma malonjezo pa nkhani imeneyi achuluka kuposa zochita. Ndime 19 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha mu 1948 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wofunafuna, kulandira ndi kugawana nzeru ndi uthenga. Mgwirizano wa ufulu wa ana wa mu 1989, umene boma lathu linavomereza, umabwereza ufulu womwewo pa ndime 13, ndipo ndime 17 imauza maboma kuti alimbikitse kusindikiza ndi kufalitsa mabuku a ana. Mu 1999 bungwe la UNESCO linavomereza chikalata cha malaibulale a m'sukulu chimene linakonza pamodzi ndi IFLA, bungwe la malaibulale la padziko lonse, chonena kuti mabuku ndi ntchito za laibulale zisatchingidwe pa zifukwa za ndale, chipembedzo kapena maganizo a gulu lina. Mawu amenewa timawamva pa misonkhano chaka ndi chaka, tikuombera m'manja, koma amene amawagwiritsadi ntchito pa sukulu yake amatsala yekha pa tsiku la mavuto. Kodi tizimuuza chiyani wachinyamata amene akuphunzira ntchito ya ulaibulale, akaona zimene zinachitikira mayi uja?

Nkhondo yolimbana ndi mabuku ili paliponse, ndipo bungwe la American Library Association linawerenga mabuku osiyanasiyana 4,240 amene anthu anafuna kuti achotsedwe m'sukulu ndi m'malaibulale a ku United States mu 2023 mokha. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anaphunzira kuyamikira oima nji. Kuyambira mu 1969 yunivesite ya Illinois imapereka mphoto ya Robert B. Downs kwa oteteza ufulu wa kuganiza, ndipo kuyambira mu 1982 dzikolo limakhala ndi sabata yokumbukira mabuku oletsedwa. Dziko lonse limadziwa Alia Muhammad Baker, amene mu 2003 anapulumutsa mabuku pafupifupi 30,000 a laibulale ya mumzinda wa Basra ku Iraq isanatenthedwe. Koma nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa ndi ya Ruth Brown, amene anachotsedwa ntchito ku laibulale ya ku Bartlesville m'chigawo cha Oklahoma ku United States mu 1950 atagwirako zaka pafupifupi 30, pomunamizira kuti akusunga magazini osokoneza boma, pamene chenicheni chinali chakuti ankalimbana ndi tsankho kwa anthu akuda. Anamwalira mu 1975, ndipo laibulale yomweyo inadzamuikira chosema cha chikumbutso mu 2007. Ulemu umenewo unali woyenera, koma unafika mwini wake atapita kalekale, ndipo sindikufuna kuti ife tidzachitenso chimodzimodzi.

Ena adzakuuzani kuti kupereka mphoto kwa anthu otere n'kulimbikitsa kusamvera. Ine ndikuti ayi. Kholo lili ndi ufulu wonse wosankhira mwana wake chowerenga ndi kudandaula, ndipo dandaulo lake liyenera kumvedwa mwaulemu. Chimene kholo limodzi kapena mkulu mmodzi alibe ndi mphamvu yosankhira ana a anthu onse popanda kuwerenga buku, popanda kulemba chifukwa, ndiponso popanda mwayi wa apilo.

Choncho ndikupempha kuti unduna wanu ukhazikitse mphoto ya chaka ndi chaka yolemekeza oyang'anira malaibulale, aphunzitsi ndi ophunzira amene ateteza ufulu wowerenga, ndipo osankha opambana akhale anthu oima paokha, osati akuluakulu omwewo amene amapereka zilango. Mphoto yopanda chitetezo ingangokhala pepala lopachika pa khoma, n'chifukwa chake itsagane ndi ndondomeko yolembedwa yopita ku sukulu zonse, yonena kuti buku likhalebe pa shelefu mpaka komiti italiwerenga lonse, kuti kaundula wa obwereka ndi wachinsinsi, komanso kuti wogwira ntchito asasamutsidwe chifukwa chotsata ndondomekoyo. Zonsezi zisanachitike, itanitsani fayilo ya mayi uja, imene ili m'makalata athu oyamba, mumubwezere pa ntchito yake ndipo laibulale ija itsegulidwe teremu ikubwerayi isanayambe. Tikudikira yankho lanu lolembedwa.

Ine wanu mwaulemu,
Woyang'anira laibulale ya pa sukulu