Ana athu asavulale pa Halloween

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze makolo anzanga ochokera ku Malawi amene tikukhala kuno ku Britain. Pa 31 October, tsiku la Halloween, ana amavala zovala zoopseza n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Ambiri a ife mwambowu sutisangalatsa, koma ana akaona anzawo a kusukulu safuna kutsalira.

Choopsa kwambiri ndi moto. Anthu amayatsa makandulo m'maungu osema n'kuwaika pakhomo penipeni, pomwe mwana amaima akamagogoda. Zovala zambiri za tsikuli n'zansalu yopyapyala ngati nayiloni, yolendewera, ndipo ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mu 2014 mwana wamkazi wa Claudia Winkleman, muulutsi wa pa wailesi ya kanema, anapsa kwambiri chovala chake chitakhudza kandulo. Choncho mwana avale zovala zake zamasiku onse m'kati, ndipo m'dzungu muikemo nyali ya batire. Chovala chikayaka asathamange, agone pansi n'kugubuduka. Pamene papsapo thiranipo madzi ozizira kwa mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano monga ena amachitira kumudzi.

Palinso magalimoto. Kuno mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la October, moti pofika 5 koloko kunja kumakhala kutayamba kale kuda. Mwana wovala zakuda dalaivala samuona, ndipo ngati chigoba chamutseka m'maso, iyenso galimoto saiona. Mupatseni tochi, ndipo m'malo mwa chigoba mungomupaka utoto kunkhope. Munthu wamkulu aziyenda nawo.

Kusema dzungu ndi mpeni n'kwa akuluakulu. Ana azingochotsa nthanga ndi supuni.

Kholo,
Leeds