Msonkhano wa achitetezo cha m'mudzi ku Chitakale

Achitetezo cha m'mudzi nonse,

Tikumana Loweruka lino, 8 koloko m'mawa, pabwalo la a gulupu. Tikalemba magulu a anthu omwe zigawenga zimawalondalonda kuti tidziwe kolondera usiku.

Komiti iliyonse ibwere ndi chiwerengero cha agogo okhala okha, makamaka amene ayamba kunenedwa za ufiti, anthu achialubino, akabaza oyenda usiku, ogulitsa Mpamba ndi Airtel Money, komanso amayi othyola tiyi omwe amadutsa m'minda tsiku lolandira malipiro. Muonenso nyumba zomwe zitseko zake zilibe loko.

Mayina mulembe m'kope, osatumiza pa WhatsApp. Mndandanda wotere ukagwera m'manja olakwika, tawalozera tokha akuba khomo.

Tengani kope, cholembera ndi K2,000 ya nkhomaliro. Yankhani pofika Lachinayi ngati mubwera.