Kalata yopita ku Johannesburg: chifukwa chake banki ikuwayesa mayi ochita geni

Kamuzu Road, Salima

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino. Mvula yatha, mpunga wa ku Lifuwu wayamba kucha, ndipo posachedwapa mwera uyamba kuvuta panyanja.

Munandifunsa pa WhatsApp kuti n'chifukwa chiyani mayi amangolandira mauthenga a ku banki owauza kuti akatenge ngongole ya bizinesi, pomwe iwo sagulitsa ngakhale tomato, ndipo ndalama yolowa mu akaunti yawo ndi yomwe mumatumiza inuyo. Banki yawoyo si yomwe ndimagwirako ine, koma zochita zake ndikuzidziwa, chifukwa ntchito yomweyo ndi yomwe yandigwira miyezi ino. Pa foni sindikanakwanitsa kufotokoza, ndiye ndati ndilembe.

Kulikulu kwa banki kulibe amene amawadziwa mayi. Chomwe amaona ndi mzere wa manambala: analowetsa kapena kutapa ndalama liti komaliza, amatero kangati pa mwezi, ndalama zake zimakhala zingati, imatsala ingati, amatapa pa ATM kapena kwa ejenti. Makasitomala akachuluka, palibe angawerenge mizere yonseyo ndi maso. Ndiye amaipereka kwa kompyuta kuti iike pamodzi anthu omwe manambala awo akufanana. Ntchito imeneyi ndi yomwe amaitcha cluster analysis, ndipo njira yake yotchuka ndi k-means. Si yatsopano ayi. Stuart Lloyd anaipanga ku Bell Labs mu 1957, ngakhale pepala lake linadzasindikizidwa mu 1982, ndipo dzinalo linachokera kwa James MacQueen mu 1967.

Mmene imayendera ndi motere. Tayerekezani makasitomala onse aimirira pa bwalo la mpira, aliyense pa malo omwe manambala ake amuika, ochita zofanana ayandikana. Inu mwazika mbendera zisanu paliponse pomwe mwafuna. Aliyense akuwerengedwa kuti ndi wa mbendera yomwe ili pafupi naye. Kenako mbendera iliyonse mukuizula n'kukaizika pakatikati pa anthu ake. Zikatero ena apezeka kuti tsopano ayandikira mbendera ina, ndiye asintha gulu. Mukubwereza chomwecho mpaka mbendera zitasiya kusuntha. Basi, magulu ndi amenewo. Kompyuta siisankha kuti mbendera zikhale zingati. Timayesa zitatu, zinayi, zisanu ndi kupitirira, n'kuona pomwe kuwonjezera ina sikukuthandizanso. Palinso muyeso wotchedwa silhouette, wa Peter Rousseeuw wa mu 1987, womwe umaonetsa ngati munthu wakhala bwino m'gulu lake kapena wangokankhidwiramo.

Pali zinthu ziwiri zomwe aliyense wophunzira ntchitoyi amauzidwa msanga. Ndalama zimawerengedwa m'mamiliyoni a kwacha pomwe maulendo a ku banki ndi atatu kapena anayi pa mwezi, choncho mukapanda kuziika pa muyeso umodzi, ndalama zokha ndi zomwe zimalamula, ndipo magulu anu amangokhala olemera, apakati ndi osauka, zomwe mlonda wa pa geti akanakuuzani ulere. Chinanso, kasitomala mmodzi wamkulu, tinene mwini loji ku Senga Bay, amakoka mbendera yonse kupita kwa iye. Onjezani apo kuti Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene akuoneka ngati wakwera gulu mwina sanakwere, ndi ndalama yomwe yapepuka.

Koma zimenezo zili m'mabuku. Chomwe chikundisowetsa tulo ine ndi nthawi, chifukwa kuno kunyanja ndalama siiyenda ngati ya ku Lilongwe.

Anthu a malipiro savuta. Aphunzitsi, anamwino, asilikali a ku MAFCO, onsewa ndalama imalowa kumapeto kwa mwezi, masiku ochepa yatha, akaunti n'kugona mpaka mwezi wina. Mutenge miyezi itatu iliyonse ya chaka, gulu lawo lidzatuluka chimodzimodzi. Tsopano tatengani mwini khoka la chilimira amene amapha utaka ku Mbenji. Mukudziwa kuti chilumba chija amachitseka kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, potsatira lamulo la a Senior Chief Makanjira lomwe linayamba m'zaka za m'ma 1950. Wina kulikulu akatenga manambala a Januwale mpaka Malichi, poti ndi kotala yoyamba ya chaka ndipo ndi yomwe ili pafupi, bambo ameneyu amaoneka ngati akaunti anaitaya. Amagwera m'gulu limodzi ndi anthu omwe anatsegula akaunti n'kuiwala. Pomwe akangotsegula chilumba, yemweyo akhala akulowetsa ndalama zoposa za aphunzitsi angapo kuphatikiza. Mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu kapena wa ku Bua ku Nkhotakota ndi chimodzimodzi: chete miyezi yonse ya dzinja, kenako ndalama yaikulu akakolola, n'kuyamba kutha pang'onopang'ono. Wa thonje nayenso ali ndi nyengo yake. Kompyuta siinama pamenepa. Inapatsidwa miyezi yolakwika, n'kuyankha mokhulupirika za miyezi imeneyo.

Ndiye ine ndakhala ndikukakamira kuti tisatenge zosakwana miyezi 12, ndipo kungakhale bwino 24, kuti chaka cha chilala chisaoneke ngati khalidwe la munthu. Komanso kuti pa manambalawo tiwonjezere ena ofotokoza nyengo: gawo lalikulu la ndalama za chaka linalowa mwezi uti, akaunti inakhala chete miyezi ingati yotsatizana, ndipo kodi chete ameneyo amabwera nthawi yomweyo chaka chilichonse. Mukatero, wa ku Mbenji amachoka kwa oiwala akaunti n'kupita kwa anzake a nyengo.

Pali gulu lina lomwe linandiseketsa. Amayi ogula usipa n'kumakagulitsa ku Lilongwe, manambala awo ankaoneka osokonekera. Mwezi uno ndalama yachuluka kumayambiriro, patapita miyezi yachuluka pakati, kenako kumapeto. Mnyamata wina wa kulikulu, wanzeru ndithu koma wokulira ku Area 47, anati amenewa ndi osakhazikika. Inu ndi ine tinakulira pa gombe, tikudziwa kuti usipa amaupha ndi nyali, ndipo siginala, munthu wokopa usipa ndi nyalizo, amagwira bwino ntchito kukakhala mdima. Mwezi ukawala kumwamba, usipa umachepa. Ndalama ya amayiwa ikutsatira mwezi wa kumwamba, womwe umazungulira masiku pafupifupi 29 ndi theka, ndiye pa kalendala umangosunthasuntha. Ndi okhazikika kuposa ambiri a ife, kungoti tinkawayeza ndi kalendala ya malipiro. Mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi, mabwato osalowa m'madzi, nawonso umaonekera m'maakaunti awo.

Ndipo zonsezi ndi ndalama yokhayo yomwe banki ikuiona. Yambiri imadutsa pa Airtel Money ndi Mpamba, ina ili ku banki mkhonde, ina pa chipereganyu, ina kwa akatapila. Alovi, asodzi ogwira ntchito m'mabwato a ena, ambiri amalipidwa pamanja pa gombe pomwepo. Munthu atha kuoneka wochepa pa kompyuta yathu pomwe kumudzi ndi amene amakongoza anzake.

Tibwere kwa mayi. Mwa kuganiza kwanga, manambala awo ali motere: ndalama imalowa kawirikawiri, si malipiro a boma kapena a kampani, ndipo amatapa pang'onopang'ono kwa ejenti, lero ya sopo, mawa ya chigayo, mkuja ya fizi ya zidzukulu. Wogulitsa pa msika naye manambala ake amaoneka choncho. Ngati wokonza magulu sanaikepo nambala yosonyeza komwe ndalamayo ikuchokera, mayi aimirira pafupi ndi mbendera ya ochita geni. Kompyuta inangoti gulu lachitatu. Amene anakhala pa msonkhano n'kulitcha kuti a bizinesi zing'onozing'ono ndi munthu, ndipo wa zamalonda atamva dzinalo anatumiza uthenga wa ngongole kwa onse. Apa ndi pomwe ine ndimakangana ndi anzanga. Dzina likangoperekedwa, anthu amaiwala kuti m'gulumo muli ena omwe ali m'mphepete, omwe anagweramo chifukwa k-means siilola munthu kukhala wopanda gulu. Gulu lisanapatsidwe dzina, ndimafuna mndandanda wa anthu angapo a m'menemo upite ku nthambi, kwa amene amawaona pa kauntala, anene ngati dzinalo likuwayenera.

Uthenga wa pa foni ndi nkhani yaing'ono, munthu amangoufufuta. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kugwiritsa ntchito magulu amenewa poganiza za yemwe apatsidwe ngongole kapena chiwongoladzanja chomwe alipire. Maguluwa ndi othandiza podziwa kuti ejenti tiike kuti, ATM tiidzaze liti, kapena kuti mlimi wa mpunga azibweza ngongole akakolola m'malo mwa mwezi ndi mwezi. Koma kumukana munthu chifukwa cha omwe wayandikana nawo pa manambala, ayi. Tsopano kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe akuyang'anira ndi a MACRA, ndipo wosunga mbiri ya munthu akuyenera kunena chomwe akuigwiritsira ntchito.

Mayi muwauze kuti mauthengawo sakutanthauza kuti ali ndi ngongole, ndipo asayankhe kapena kupereka nambala yawo yachinsinsi kwa aliyense woimba foni, chifukwa akuba nawonso amadzitcha a ku banki. Loweruka ndipita kukawaona, ndipo Lolemba ndidzawaperekeza ku nthambi ndi chitupa chawo cha unzika kuti akapemphe kuchotsedwa pa mndandanda wa mauthenga otsatsa malonda. Mpunga munanena uja ndidikira mtengo utsike mu Juni, ndipo mundiuze wa basi amene mumamukhulupirira. Perekani moni kwa alamu ndi ana.

Ndine m'bale wanu wa ku Salima.