Kwa mwana wanga wopita kukaonera mpira kunja

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti tikiti ya ndege wagula kale, ndiye sindikuletsa. Mawondowa akanakhala a kale nanenso ndikanakwera nawo. Koma pafoni umandidula mawu, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Mayi ako akuopa masapota a timu inayo. Ine nkhawa yanga ili pachipata. Pa 11 Epulo 2001, ku Ellis Park mu Johannesburg, Kaizer Chiefs ikusewera ndi Orlando Pirates, anthu 43 anafa. Palibe anabayidwa mpeni, anangopanikizana mpaka mpweya kutha. Ku bwalo la Hillsborough ku England mu 1989 zinali chimodzimodzi, masapota a Liverpool 97 anapita chifukwa anthu anathiridwa mbali imodzi yodzaza kale. Usati ndi zamakedzana. Mu Januwale 2022, ku Olembe mu Yaoundé, anthu 8 anafera polowera tsiku lomwe Cameroon inkasewera ndi Comoros.

Choncho ukafike pabwalo kudakali maola awiri, ngakhale anzako akuseke kuti wasanduka mlonda. Mpanipani umabwera ndi anthu ochedwa amene amva mluzu ali panja. Ukakaona kuti akukukanikiza mbali zonse, moti dzanja silikukwera kuti ukande pamphuno, usalimbane nalo khamulo. Pinda manja pachifuwa ngati wankhonya kuti nthiti zipeze popumira, uzitsetsereka cham'mbali pang'onopang'ono, kutali ndi khoma ndi mpanda wachitsulo. Foni kapena nsapato ikagwa, isiye, tidzagula ina. Wowerama m'khamu sadzuka. Mpira ukatha khala kaye pampando. M'mabwalo ambiri a ku Ulaya apolisi amayamba atsekera alendo mkati mpaka eni mudzi atabalalika, ndiye usakwiye nazo.

Tikiti yolowera ugule ku kalabu kapena kwa okonza mpikisano, osati kwa madobadoba oima pakona. Kumbukira fainolo ya Liverpool ndi Real Madrid ku Paris mu 2022: mpira unachedwa kuyamba kupitirira theka la ola, ndipo anthu okhala ndi matikiti enieni anathiridwa utsi wokhetsa misozi panja. Nanga wa tikiti yabodza akanalirira kwa yani? Masiku ano tikiti zambiri zimakhala mufoni, ndiye batire ikhale yodzaza, osaimalizira kujambula zithunzi mumsewu. Uonetsetsenso kuti mpando wako uli mbali ya timu yako. Ku England ukapezeka ukuchemerera alendo pakati pa eni bwalo, amakutulutsa.

Jezi uvale, koma musitima ndi m'misewu uiphimbe ndi jekete. Ndikukudziwa iwe, timu yako ikagoletsa pakamwa sipatsekeka. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Nyimbo imene inu mumaiona ngati nthabwala, kwa eni ikhoza kukhala chipongwe chokugonetsa m'chitolokosi. Za mowa sindinena zambiri, wakula. Ungofunsa malamulo a kumeneko. Ku Qatar mu 2022 anauletsa m'mabwalo kutatsala masiku awiri okha kuti mpikisano uyambe.

Pasipoti uione lero lomwe, chifukwa mayiko ambiri amafuna ikhale ndi miyezi 6 isanathe ntchito. Uijambule, pepala lina ulisunge padera. Ndalama usaike thumba limodzi. Dzina la hotelo ndi msewu wake ulembe papepala, foni imafa. Ufunsenso nthawi imene sitima kapena basi yomaliza imanyamuka, poti mpira wa ndime yochotsana ukhoza kufika ku nthawi yoonjezera ndi mapenate, iwe n'kutsala wekha pasiteshoni usiku mumzinda womwe chilankhulo chake suchidziwa.

Ukakalowa m'chipinda chako unditumizire uthenga, kaya ndi pakati pa usiku. Zigoli usavutike kundiuza, ndidzakhala nditaziona kale pa TV. Mayi ako sadzagona mpaka foniyo italira.

Ndine bambo ako.